Anandimeta Ndi Asilikali

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndine Limbani wanu, ndikulemba ndili ku kampu kumene akutiphunzitsa usilikali.

Ku Bangwe akuti kuli bwino. Achemwali a Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno akuti ndi yanu yeniyeni. Kamunda kanu ka m'phiri la Mpingwe kabereka ndithu, ngakhale mondokwa anayamba kulawa ndi akuba.

Kuno, amayi, ndaona zinthu. Paja munkati, "Iwe Limbani, tulo tako tidzakugulitsa." Lero ndimadzuka kusanache, n'kuthamanga ndi chikwama cholemera ngati thumba la makala, osagwa. Tsiku loyamba kumva mzinga ukulira ndinali chigonere chafufumimba, nthaka inanjenjemera mpaka m'mano, tchire lonse n'kungoti zii. Ndinachita mantha, komanso ndinagoma kuti chinthu chotere anapanga ndi munthu woyamwa bere ngati ine.

Koma chandilembetsa ndi ichi. Mayina athu anatuluka inu muli m'chipatala, ndipo ndinanyamuka m'mawa mwake titakuikani, abale asanamete maliro. Amalume anakwiya kwambiri. Anati wochoka osameta amayenda ndi imfa kumutu. Mawu amenewo ndinakwera nawo basi, ndinatsika nawo.

Titangofika anatikhazika pa benchi, msilikali wina n'kuyamba kutimeta mipala. Anzanga ankasekana mitu. Ine tsitsi litagwera pamaondo, misozi inangoyamba yokha, iwo n'kumati ndikulirira tsitsi. Ndinali wodabwa kuti mwambo umene ndinausiya ku Bangwe wandipeza kuno, m'manja mwa mlendo wosadziwa n'komwe dzina lanu.

Tsopano atiuza kuti tikamaliza tipita ku Congo, kumene zipolopolo si zoyeserera. Ndinawaimbira amalume kufunsa ngati kumeta kwa asilikali kukukwanira, iwo akuti ayi. Ndiye ndabwera kwa inu eni ake. Munkalandira ngakhale madzi amene ndatunga theka la ndowa, bola ndafika nawo. Landirani kumetaku, amayi, mundimasule ndipite wopepuka, chifukwa ndikuopa.

Ndikakabwerako tsitsi lidzakhala litamera. Ndidzakhala pansi pakhonde panu, amalume adzandimete okha mmene akufunira. Mutuwo ndidzabwera nawo, ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani