Ndege Yasiya Kuuluka, Ine Ndadzuka Pamkeka

Aphungu,

Kalatayi ndikulemba nditaimirira, pepala lili pamwamba pa mgolo, chifukwa kukhala pansi ndinakhala kokwanira. Mundimvetsa mukawerenga. Nkhani yanga ndi yochititsa manyazi pang'ono. Amuna anga ntchito yawathera, anthu akubwera kudzatipepesa ngati pagwa maliro, koma ine mtima uli myaa.

Amuna anga, bambo a Esinala, anali makaniko pakampani ina yaing'ono ya ndege. Eni ake anali azungu awiri, ndege zinalinso ziwiri, zonyamula anthu osakwana khumi. Imodzi inkagona kuno ku Nsanje. Lolemba ndi Lachisanu inkanyamuka m'mawa, kutera ku Bangula ndi ku Nchalo, mpaka ku Chileka, n'kubwerako masana. Poti m'mabwalo a kuno mulibe wokonza ndege, bambo a Esinala ankakwera nawo ulendo uliwonse, bokosi la masipanala lili pamiyendo. Nyumba yathu ili m'mphepete mwa bwalo la ndege lenilenilo. Anthu mpaka anaiwala kuti dzina lawo ndi Gershom, amangowatcha "a Ndege".

Tsono apongozi anga aakazi, amene timakhala nawo, anakwatiwa kubanja la osaka mvuu. Malemu apongozi aamuna ankabaya mvuu mu Shire ali m'bwato. Kwa anthu amenewa, mwamuna akapita kokasaka mkazi amakhala pamkeka phee mpaka abwere. Sasinja, sasesa, sathira mchere m'ndiwo, ngakhale chitseko satseka. Akuti mkazi akatekeseka kumudzi, bwato nalo limatekeseka pamadzi. Amuna anga atangoyamba ntchito ya ndege, apongozi ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Mwananga, mumlengalenga ndi m'madzi n'chimodzimodzi, konseko kulibe popondapo. Ndege ikangonyamuka, khala pansi. Ndipo izi n'za ife akazi, mwamuna sauzidwa. Akadziwa, mtima wake umagawikana."

Aphungu, ine ndine Mkhristu, woimba kwaya, koma ndinakhala. Mukanakhala inu mukanayerekeza kukana? Ndinayamba Esinala ali kumsana, lero akupita yekha kusukulu. Lolemba ndi Lachisanu lililonse ine pamkeka, thukuta lili kamukamu, khutu lili kumwamba, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Mbuzi zinkalowa m'mapira ndikuziona, ine n'kumangozitukwana chapatali. Msika wa Lachisanu sindinkaudziwa. Amayi a chipani anayamba kundinena kuti ndine wamwano chifukwa sindinkapezeka kophunzira nyimbo, mpaka ndinawanamiza kuti ndimadwala miyendo. Ndege ikatera ndinkapinda mkeka msangamsanga n'kukoleza moto. Tsiku lina amuna anga anandiseka kuti, "Mayi a Esinala, tsiku lonseli mumatani kuti ndiwo zizichita kupsa dzuwa litalowa?" Ine ndinangopitiriza kuphika.

Zinatha Lachisanu lina mwezi wathawu. Ndege inanyamuka bwinobwino, ndipo inayenera kubwerako masana kudzatenga anthu ena amene anatsala. Anthuwo ankadikira pansi pa mtengo wa nimu pabwalopo. Panali mphunzitsi wina, amayi awiri ogwira ntchito ku boma, ndi nkhalamba ina ya ku Marka, a Tomasi, amene mwana wawo wamkazi ankapita nawo ku Blantyre kuti akawachotse ng'ala m'maso. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, ndege zii. Apongozi anali kumaliro. Mwana wa a Tomasi uja anafika pakhonde n'kunena kuti, "Pepani mayi, madzi okha. Bambo akufuna kukomoka." Ndinamulozera mtsuko, koma munali mouma. Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana nkhalamba ija ili gone pafumbi, basi ndinadzuka. Ndinapita kumjigo, ndinakoleza moto, ndinathira mchere m'milamba youma, anthu onse aja anadya.

Apongozi pobwera anangoona utsi. Anakhala pansi pabwalo pomwepo, manja ali kumutu. "Wandiphera mwana," anatero, osakweza n'komwe mawu. Ndege sinabwere tsiku limenelo, ndipo zimene zinali mumtima mwanga sindingathe kuzilemba.

M'mawa mwake wapolisi anabwera panjinga ndi uthenga. Ndege inatera bwino ku Chileka m'mawa womwe uja, palibe anapwetekedwa. Koma amuna anga ndi anzawo atatsika anapeza ofesi ili ndi loko, eni ake atatuluka m'dziko, ndege inzake itamangidwa kale unyolo. Kampani inathera pomwepo. Antchito anangouzidwa kuti aliyense aone msana wa njira. Anthu a pansi pa mtengo aja matikiti awo anasanduka oyatsira moto, tinangowaperekeza ku siteshoni kuti akwere sitima. Ndamva kuti a Tomasi anakafika, ndipo diso limodzi likuona tsopano. Bambo a Esinala nawo anabwera pa sitima, bokosi lawo lili paphewa, yunifolomu itada bii. Nditawaona akutulukira pakati pa bwalo akuyenda ndi miyendo yawo, ndinaseka mpaka misozi. Anthu ankaganiza kuti ndikulira.

Chichokereni tsiku limenelo ndimagona tulo tabwino, masaya abwerera. Lachisanu ndimapita kumsika ngakhale ndilibe choti ndigule, kungozungulira basi.

Vuto ndi ili. Mzungu wina, amene eni kampani aja anamulemba ntchito yoyendetsa ndege ija, wapeza ntchito ina, yonyamula chimanga kupita kutsidya kwa malire kumene kuli nkhondo, ndipo watumiza mawu kuti akufuna makaniko wake. Kwinaku kugalaja ya kuminda ya nzimbe ku Nchalo akufuna munthu wokonza mathirakitala ndi mapampu. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo kumeneko palibe adzawatcha "a Ndege". Amuna anga akupendekera ku ndege. Akuti, "Sindifuna kuti inu ndi Esinala muvutike." Ayankha mwezi uno usanathe. Apongozi akuti ntchito yoyamba ndinaithetsa ndine podzuka, mizimu inangotichitira chifundo pa moyo wa mwana wawo, ndiye ulendo uno ndisadzayesenso. Mkeka watsopano aluka kale, uli kumutu kwa bedi lawo.

Kodi ndine mkazi woipa posangalala kuti kampani inatha? Nanga ndiwauze amuna anga chinsinsi chimene ndinaletsedwa kuwauza? Ndikuopa kuti ndikaulula n'kuchitika kanthu, ndidzakhala wolakwa mpaka kumanda.

F. A., Nsanje.

*

Mayi F. A.,

Yankholi mukhoza kuliwerenga mutaimirira, sindikukakamizani kukhala.

Si inu mkazi woipa. Mkazi woipa akanalirira malipiro, inu mwasekera munthu. Ndege zazing'onozi ndinakwerapo kamodzi, ndili namwino, tikuperekeza wodwala. Titafika pamwamba pa mapiri otsetserekera ku Chikwawa inayamba kudumphadumpha ngati thirakitala ya m'mizere, ine n'kugwira dzanja la wodwala uja, mpaka iye ndi amene ankandilimbitsa mtima. Pobwerera ndinakwera basi. Ndiye munthu amene wakhala zaka akumvetsera kulira kwa injini imeneyo, mwamuna wake ali m'katimo, akapuma ndimumvetsa.

Tsopano za mlandu umene akupatsani. Werenganinso zimene mwalemba nokha. Ndege inatera ku Chileka m'mawa, inu muli pamkeka. Loko anaipeza pachitseko inu mukadali pamkeka pomwepo. Eni kampani sanapakire masutikesi chifukwa chomva fungo la milamba ku Nsanje, anali atakonza kale ulendo wawo inu musanaganize n'komwe za kumjigo. Ngati mkekawo unali mlonda wa ntchito, ndiye kuti tsiku limenelo mlonda anagona. Chimene kudzuka kwanu kunachita n'chimodzi chokha chimene tonse tingachione, nkhalamba ya ku Marka sinafere pafumbi.

Koma apongozi anu musawanyoze, ngakhale mumtima. Mayi ameneyo anakhalapo pamkeka akudikira mwamuna amene anapita kukalimbana ndi mvuu, ndipo palibe china chimene akanachita kuti amuthandize. Anakupatsani mankhwala okhawo a mantha amene iwo amawadziwa. Kungoti mvuu sankazisaka kawiri pa sabata chaka chonse. Mwambo umene unali wa masiku owerengeka wakudyerani ubwana wonse wa Esinala.

Amuna anu auzeni. Wobisa matenda maliro amamuulula, ndipo apa mwabisa mokwanira. Musawauze pakhomo, apongozi ali pakhonde. Apempheni kuti akuperekezeni kudimba kapena kumsika, muyankhule mukuyenda. Musayambe ndi za ntchito, musayambenso ndi zodandaula za amayi awo, chifukwa mwamuna akamva dzina la mayi wake makutu amatsekeka. Ingowakumbutsani funso lawo lija la ndiwo zochedwa, muwayankhe lero. Fotokozani za mbuzi, za msika, za bodza la miyendo, ndi za Lachisanu lomaliza lija. Kenako muwauze poyera kuti mumachita mantha, ndipo kuti mutawaona akubwera wapansi munasangalala. Mukatero khalani chete, muwasiye ameze.

Za kwa amayi awo, woyankhula akhale amuna anuwo, inu muli pambali. Mawu akuti "Amayi, mkazi wanga asadzakhalenso pamkeka chifukwa cha ine" atuluke m'kamwa mwa mwana wawo. Akatuluka mwa inu adzakhala mwano wa mtengwa. Zikavuta itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyi.

Musawauze kuti asankhe pakati pa inu ndi ndege. Munthu amene waluza ntchito n'kuluzanso dzina limene anthu ankamulemekeza nalo amakhala ndi bala, ngakhale asalionetse. M'malo mwake kwerani nawo basi mupite ku Nchalo mukaone galajayo ndi maso anu. Mukafunse za nyumba, za sukulu ya mwana, za kadimba. Akagwire injini ya pampu ndi manja awo, mwina apeza kuti chimene amakonda ndi injini, osati mitambo. Akumbutseni kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Muwauzenso kuti tsopano muli ndi masiku awiri owonjezera pa sabata, ndipo mkazi wa manja awiri akhoza kugulitsa nsomba kapena kulima mbatata kuti zochepazo zikwane.

Chinanso, chimwemwe chanuchi chisungeni m'nyumba. Kampaniyo inali ndi antchito ena, onyamula katundu, ogulitsa matikiti, alonda, amene palibe mzungu wawaitana ndipo kugalaja sakuwafuna. Mukakumana ndi akazi awo kumjigo musaonetse mano. Ngati mapira anatsalako kwa mbuzi zija, tapaniko pang'ono muwapatse.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo a Esinala akhoza kumva zonsezi, kugwetsa misozi, n'kusankhabe ndege. Zikatero musawatemberere, koma musalonjezenso munthu aliyense kuti mudzabwerera pamkeka mwakabisira. Mudzawauze pamaso pa amayi awo kuti mudzawapempherera mukusinja ndi kutunga madzi ngati mkazi wina aliyense. Kusankha n'kwawo, koma asankhe akudziwa zonse. Ndiye musadikire kuti mwezi uthe, auzeni sabata ino asanamuyankhe mzungu uja. Mukachedwa, iwo adzapita kunkhondo ya eni poganiza kuti akuchitira inu, inu mutatseka pakamwa poganiza kuti mukuchitira iwo.

Aphungu.