Mawu awiri amene ndinasiya pa bolodi

Lachinayi madzulo, ku Nselema.

Tsopano mtima wakhala pansi, koma m'mawa ndinatuluka thukuta. Kulakwa kunali kwanga. Lolemba ndinapatsa ana anga a Sitandade 8 mutu wa chimangirizo wakuti "Munthu wanzeru kuposa onse amene ndikumudziwa." Sindinaganize kuti masiku ano funso limeneli lili ndi yankho limodzi lokha. Anawo anaganiza m'malo mwanga. Onse analemba za Mtsogoleri wa dziko, kupatula Asiyatu. Iye analemba za amalume ake a ku Nayuchi, amene sanapondeko m'kalasi, amasayina ndi chala, koma amayankhula Chiyao, Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi.

Ndiye lero kunabwera bambo oyendera sukulu, ndipo pa mulu wonse wa makope, dzanja lawo linagwera pa la Asiyatu. Iwo akuwerenga, ine ndimaganiza za mkazi wanga ndi khanda lathu, kuti adzamuuza ndani komwe andipititsa.

Atamaliza anafunsa mwanayo kuti, "Amalume akowa alipodi?"

"Alipo, bwana."

"Ukawapatse moni. Ine ndi masukulu anga onsewa ndimayankhula ziyankhulo ziwiri zokha."

Potuluka anandiitanira pakhonde n'kutsitsa mawu. "Aphunzitsi, mwanayu amalemba bwino. Koma mutu wanu ukusowa mawu awiri. Muziwonjezera kuti 'm'mudzi mwathu'."

Ndawonjezera kale m'buku langa. Asiyatu ndamupatsa malikisi oposa onse, ndipo sindisintha. Kope lake lokha ndabwera nalo kunyumba, liyambe lagona pansi pa matiresi.