Muzikamuzimitsira Nyale ya Pakhonde

Senga Bay, Salima
9 Julaye 2024

Okondedwa achemwali anga a Scholastica,

Ndiyetu ndili pamwamba pa mtengo wa mango uja, waya m'khosi, babu m'thumba, nyerere zikundidya m'miyendo, foni yanu n'kuduka. Si pamenepo pamene tinalekezera nkhani ija dzulo? Mayunitsi anu anamwino amatha msanga ngati shuga wa pamaliro. Choncho ndati ndingolemba, Hashim wonyamula usipa kupita nawo ku Limbe akupatsirani m'manja. Musaseke zilembo zanga. Kusukulu munkapita ndinu, ine ndinkangokuperekezani.

Ndiyambe bwinobwino, poti inu mumamva nkhani ikakhala ndi mutu ndi mchira. Mukudziwa kuti chibwerere kumaliro a mayi ake, mkazi wanga Agnes, mwana wanu Takondwa sanabwererenso ku Blantyre. Mabwana ake anamulola kuti azigwirira ntchito kuno. Ndinamukonzera chipinda chija tinkasungamo chimanga, ndipo pano ndi ofesi yoposa ya nduna. M'mawa amasamba, n'kuvala bwino ngati wapaulendo, n'kuyenda kuchoka pakhonde kukafika m'chipindamo, basi wafika kuntchito. Amavala zam'makutu ngati woyendetsa ndege, laputopu patsogolo, n'kumayankha makasitomala a kampani yawo. Masiku oyamba amake Gift, oyandikana nafe aja, anabwera kudzandinong'oneza. Akuti, “A Lodwick, mwanayu mupite naye kwa abusa. Akulankhula yekha Chizungu tsiku lonse, n'kumapepesa khoma.”

Ine sindinadabwe, chifukwa zogwirira ntchito pakhomo ndinaziyamba ndine, azungu asanaziganize. Pakhonde panga mpamene asodzi a usipa amatchajitsa mabatire ndi kukonzetsa nyale zawo. Nyale zonse zimene mungazione panyanja kuchokera ku Chipoka mpaka ku Nkhotakota, theka ndi za manja angawa. Theka linalo ndi zija sizimayaka.

Tsono mwanayu ali ndi khalidwe lake. Akaweruka, tikadya, amatenga mkeka ndi kachipangizo ka maso awiri koonera patali, n'kukagona chagada kuseli kwa nyumba. Salankhula, sayimba, amangoti duu kumwamba. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi wataya chiyani kumeneko. Iye akuti, “Ndikuyang'ana nyenyezi, ababa. Koma kuno sizikuoneka bwino.”

Achemwali, mwana wa Lodwick angadandaule kuti chinthu sichikuoneka, bambo ake ali katswiri wa zowala? Ndinaganiza monga munthu wa ntchito yanga. Usipa umakhala pansi pa madzi, koma ukaona nyale umabwera wokha kudzapereka moni. Nanga nyenyezi zingakane bwanji? Mawa lake ndinatenga babu lalikulu kuposa onse, ndi batire ya a Binali, mwini maboti uja, n'kukwera mumango muja. Kutada, iye atangoyala mkeka wake, ndinalumikiza waya. Kunawala! Atambala a mudzi wonse analira, amake Gift anatenga tsache kuyamba kusesa pabwalo, ndipo ndikumva kuti ku Salima boma ana ena anavala yunifolomu.

Takondwa anadzuka, anayang'ana babu, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti, “Ababa, nyenyezi si usipa! Mwathamangitsa ndi zochepa zomwe zinalipo zija.” Manyazi anandigwira pang'ono, koma sindinadandaule. Chimwalirire Agnes ndinali ndisanamumve akuseka choncho.

Ndiye anandikhazika pamkeka n'kundiphunzitsa. Akuti nyenyezi zimafuna mdima. Anandilozera magetsi a kumaloji, nyale za sola za pamakomo a anthu, kenako anandilozera kunyanja, kumene maboti anali atandandalika ndi nyale zawo ngati tauni yoyandama. Apo mpamene ndinazindikira kuti mdani wamkulu wa mwana wanga ndine bambo ake. Ndipo taonani kuvuta kwake. Mwezi ukafa, kumwamba n'kuda bwino, asodzi ndiye amayatsa zonse. Asodzi akapuma chifukwa usipa subwera pa mwezi wowala, mwezi womwewo ndiye umaphimba nyenyezi. Munthu umangosowa pogwira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndalembera. Sabata yatha bwana wake anaimba. Ine sindimvetsera za eni, koma khoma lathu ndi lopyapyala ndipo khutu langa linapezeka litatsamira pomwepo. Akufuna kuti Takondwa akayang'anire anzake atsopano, koma akakhale muofesi ku Blantyre kuyambira mwezi wamawa. Zogwirira pakhomo akuti zikutha kwa aliyense. Akakana, ntchito yathera pompo. Anamupatsa mpaka Lolemba, dzulo lija, kuti ayankhe.

Madzulo ake ndinayembekeza kuti adumpha ndi chimwemwe, koma ankangotembenuza supuni. Kenako akuti, “Ababa, ndikusiyani bwanji nokha? Dzana munalumikiza waya wofiira pa wakuda, batire mpaka kufuka utsi. M'mawa munapatsa moni mtsuko wa madzi, mumvekere mwadzuka bwanji amake Gift. Maso anuwo sali bwino.”

Ndinati, “Iwe, maso angawa? Ine ndikaima pagombe ndimaona munthu akusenda chinangwa ku Makanjira, ndi kudziwa kuti n'chowawa. Mtsukowo ndinaupatsa moni mwadala, umafanana nawo.”

Sanaseke. Akuti, “Ngati maso anu akufa, ine sindipita. Ntchito ndidzapeza ina.”

Mudziwa inu, achemwali, mmene mwanayu anavutikira kuti apeze ntchito imeneyi, ndi mmene Agnes ankakazingira zitumbuwa kuti iye aphunzire. Ntchito ina aipeza kuti kuno? Azidzanditchajira mabatire?

Mulungu si munthu. Loweruka kunadzuka mwera wamphamvu, mafunde ngati nyumba, asodzi onse anakokera maboti kumtunda. Mwezi unali utafa, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinati lero ndi lero. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha anthu kuti tikadya azimitse nyale zapanja kwa kanthawi. Zambiri mwa nyalezo ndinawaikira ndine.

A Binali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Akuti, “Wallahi, a Lodwick, dziko latha. Munthu wogulitsa kuwala mukupemphetsa mdima? Nanga akuba akabwera?”

Ndinati, “Akuba aba chiyani kwanu, mamba a nsomba? Ndilondera ndine.”

Akuti, “Inu kulondera? Ndibwera ndekha ndidzaone misala imeneyi.”

Anabweradi ndi mpando wawo, akazi awo pambuyo. Amake Gift anabwera ndi mbatata yootcha. Ngakhale mlonda wa paloji yapafupi ija anavomera kutembenuzira pansi getsi lake lalikulu, nditamulonjeza kumukonzera tochi. Nyale zinayamba kuzima imodziimodzi, mudzi wonse bii, kumangomveka mafunde ndi mphepo m'migwalangwa.

Achemwali, inu mwayenda, mwafika mpaka ku Joni, koma zimene ndinaona ine simunazione. Kumwamba kunadzaza mpaka kusowa poponda. Pakati penipeni panadutsa chimzere choyera, kuchokera kunyanja mpaka kumapiri, ngati usipa woyanikidwa pathandala la Mulungu. Takondwa akuti umenewo ndi Mlalang'amba. Anthu amene anabwera kudzandiseka anangoti kukamwa yasa. Amake Gift anaiwala mbatata m'manja. A Binali anangoti, “Subhanallah, zonsezi zinali pamwamba pa denga langa?”

Mwana uja anabwera kudzagwada pambali panga, n'kundigwira dzanja, kulilozetsa kumwamba. Akuti, “Ababa, mukuziona zija zapindika ngati mchira wa chinkhanira?”

Ndinati, “Ndikuziona, ndi mbola yomwe.”

Akuti, “Nanga yowala ili pamtima pakeyo, ndi ya mtundu wanji?”

Ndinadziwa kuti awa ndi mayeso, oposa a Sitandade 8 amene anandikana aja. Ndinakhosomola pang'ono, n'kunena kuti, “Yofiira ngati khala la moto.”

Dzanja langa anali chigwirire. Kenako akuti, “Chabwino, ababa. Lolemba ndiwauza kuti ndikubwera.” Ine ndinati, “Pita, wandithera ndiwo m'nyumba muno.” Ndipo dzulo wawauzadi, khutu langa ndi mboni.

Choncho mwana wanu akubwera kumapeto a mwezi uno, ndipo adzafikira kwanu ku Chilomoni mpaka atapeza pake. Mumupatse chipinda chija chili ndi windo loyang'ana kuphiri. Tiyi amamwa wopanda mkaka. Madzulo akakhala chete musaganize kuti wakwiya kapena wayamba matama, ndi mmene alili chichokere mayi ake. Musamufunse mafunso ambiri monga mumachitira ndi odwala anu. Ndipo chimene ndikupemphani kwambiri ndi ichi: mukadya, muzikamuzimitsira nyale ya pakhonde ija, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Akuti mu Blantyre nyenyezi zimaoneka zowerengeka, koma zowerengekazo azikazionako. Alamu akadandaula za akuba, muwauze kuti wailesi yawo ija ngakhale wakuba angaibweze.

Kuno tonse tili bwino. Mwera wayamba kuchepa, maboti abwerera panyanja, pakhonde panga padzazanso mabatire. Ine musandidere nkhawa, nyumba ikula, ndizigona chopingasa. Chipinda chake cha ofesi sindibwezeramo chimanga, chikhale choncho, mwina pa Khirisimasi adzafuna pokhala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Stanley, kwa Innocent ndi Agape, ndi kwa onse a kumpingo kwanu. Amake Gift akupereka moni. Usipa umene Hashim wanyamulawo ndi wanu, koma musamalize, musungireko mwana wanga, sazolowera msanga ndiwo za m'tauni. Mumusamale, achemwali. Ndi yekhayo amene Agnes anandisiyira.

Ine mlongo wanu wokongola kuposa onse,
Lodwick

Ndanama pa chinthu chimodzi, ndipo poti ndinu namwino ndikuuzeni. Chimzere choyera chija sindinachione, ngakhale chinkhanira. Ndinangoona mdima ndi timadontho tiwiri titatu tosungunuka ngati tili m'madzi. Za usipa pathandala ndinamva amake Gift akunena. Za khala la moto anandinong'oneza ndi a Binali pamene ndinkakhosomola paja. Iwo akuti ndi ng'ala, ndipo alonjeza kundiperekeza kuchipatala cha maso ku Nkhoma mwanayu akangokwera basi. Musamuuze mpaka atazolowera mpando wake watsopanowo. Kalatayi mukawerenga musaisiye patebulo.