Khoma Lalankhula ndi Amai

Amake Olipa,

Mailo, dzulo lomweli, ndinalumbila kuti kuyambila Nyimba mpaka Petauke palibe mwamuna angalankhulitse khoma koma ine. Munaona nokha: sipika imodzi ya wailesi pangodya iyi, inzake pangodya iyo, mau n'kumatulukila pakati penipeni pomwe palibe kanthu. Munandiseka, koma zinatheka!

Tsopano ndatenga njinga, ndikuthamangila amai anu asanakwele basi pa Kacholola. Akakangofika ku Luembe n'kuuza amalume anu, ukamwini wanga watha, mathalauzi anga mudzachita kunditumizila m'thumba. Mukabwela kumunda musakhale n'komwe pansi, nditsateni. Mkamwini sagwila apongozi pamkono. Ine ndikangoima patali n'kumatsokomola, kulankhula n'kwanu. Wailesiyo muichotse mabatile, muifunditse chitenje.

Pepani, ndinaiwala chimodzi chokha: pakati paja m'pamene munapachika chithunzi cha malemu atate anu, a Mwanza. M'mawa uno amai analowa kudzatapa mchele, poyesa ndapita kumunda. Muulutsi n'kuti, "Mwauka bwanji kumeneko?" Amai anagwada pansi pa chithunzi, n'kuyankha kuti, "Tauka, a Mwanza. Mkamwini ameneyu anakutsekelani liti m'khomamo?"

Wanu yemwe uja,
Febian