Malole a ku Tete abwerera opanda laimu

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Teteko. Kuno ku Sinda matupi ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Pa maliro a azakhali aja ndinazimitsa foni masiku atatu. Ndiye malole awiri a kasitomala wathu wamkulu wa kwanuko anafika kumgodi komwe ndimagwira ntchito kudzanyamula laimu, pomwe mapepala owolokera malire anali m'chikwama changa kumaliroko. Anadikira mpaka kubwerera opanda kanthu. Tsopano bamboyo sakuyankha foni, ndipo abwana akuti tikamutaya, inenso ntchito yatha.

Chonde amalume, inu Chipwitikizi mumachitha. Gulani tambala, mukandipepesere kwa bamboyo pamasom'pamaso. Akakana ndilibe kolowera, paja munda uja ndinagulitsa.

Mulungu akutsogolereni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Tiyanjane