Kabokosi ka Amama Ndinavala Ndine

Mwase Lundazi,
14 Ogasiti 1996

Okondedwa akulu anga a Cornelius,

Monile. Muli bwanji ku Kitwe kumeneko, inu ndi alamu anga a Linah? Kuno tilipo. Nshawa tinatsiliza kukumba. Kalata iyi ndalemba ndekha popanda wondithandiza, ndiye mukapeza zolakwika musaseke.

Mwezi watha kunabwela anthu a zaumoyo ofufuza nchito za azimayi akumudzi. Anasankha azimayi khumi, ndi amama omwe. Aliyense anamumanga kabokosi m'chiuno, kakang'ono ngati sopo, kuti avale masiku atatu. Anati kamasunga mmene thupi ligwedezekela, ndipo amene adzaoneke wofooka adzamutengela ku boma kukapimidwa.

Akulu, pali zimene simudziwa. Amama sali bwino kuyambila Meyi. Akatunga madzi kamodzi amakhala pansi kufunafuna mpweya, ndipo miyendo yawo yatupa. Anandiletsa kukuuzani.

Anthu aja atangopita, amama anamasula kabokosi n'kundipatsa. Anati safuna mudzi wonse umve kuti iwo, NyaZimba, masiku ano amangogona. Ine ndinaopa kukana. Ndinavala mkati mwa chitenje, ndinasinja nako, ndinatunga madzi, ndinapita kunkhuni. Lachitatu ndinaiwala, ndinakasewela nako netibolo.

Atabwelanso, mkulu wawo, a Claire, analumikiza kabokosi ku kompyuta n'kutionetsa mizele. Anali kuloza kuti apa munali kusinja, apa kuyenda, apa kukhala pansi. Sanaphonye olo pamodzi. Kenako anafunsa amama kuti Lachitatu masana anali kulumphila chiyani ola lathunthu. Amama anati mbuzi zinalowa m'dimba. A Claire anaseka, anati pa azimayi onse khumi wamphamvu ndi iwowa. Anandiyang'ana pang'ono, ine ndinayang'ana pansi.

Galimoto inatenga azimayi atatu kupita nawo ku boma. Amama anatsala, ali okondwa.

Dzulo amama anagwa pafupi ndi mtondo. Anauka okha, anati ndi chizungulile chabe, ndipo ndikauza munthu ndisadzawachulenso kuti amama.

Akulu, mpando wawo m'galimoto ija ndinawalanda ndine. Ine samandimvela, akuti ndine mwana, koma inu amakumvelani. Chonde bwelani muwatengele kuchipatala. Zondikalipila musalembe m'kalata, mudzandikalipila mukafika.

Ndidikila mpaka kutha kwa mwezi uno. Mukapanda kubwela, ndipita ndekha ku kiliniki kukanena kuti kabokosi ndinavala ndine, olo amama asiye kundilankhula. Kulankhula pagulu ndimaopa, mudziwa, ndiye ndalemba kale papepala zimene ndikanene.

Mundipelekele moni kwa alamu ndi kwa amalume a Danwell, koma nkhani iyi musawauze kaye. Mulungu akusungeni ndi kukutsogolelani pa ulendo.

Ndine mlongo wanu,
Tryphena