Timadontho Titatu M'kabati

Loweruka, Lanham, kuno kutsidya kwa nyanja.

Masana ndimafuna nsapato za kutchalitchi m'kabati ya zovala. Mumdima muja ndaona timadontho titatu tobiriwira tikuwala ngati maso a mphaka. Kupisako dzanja, kamfuti. Momwemo ndi momwe mwana wathu Chisomo amabisala akamasewera.

Nditawafunsa, bambo a Chisomo sanachite n'komwe manyazi. Akuti ndi timaso tolozera mfuti mumdima, aika tatsopano dzulo chifukwa takale tinazilala. Amvekere, "Musadzatipukute ndi bulichi wanu uja, timafuna kansalu kofewa."

Ndafunsa kuti timazilala pakapita nthawi yaitali bwanji. Akuti zaka ngati khumi.

Ine ndinawatsatira kuno zaka zisanu zapitazo. Ndiye kuti kamfutika ndinakapeza kali momwemo, ndipo zaka zonsezi madiresi anga a kwaya ndakhala ndikupachika pamwamba pake.